Maola atatu okha, amayi anzanga

Macheza a pafoni a gulu la amayi a m'chigawo cha Tete ku Mozambique olera ana a autismo, vuto limene limachititsa mwana kuvutika kulankhulana ndi kucheza ndi anthu.

Lachitatu usiku

Make Yamikani, Ulongwe:
Amayi anzanga, pepani ndalemba usiku chonchi. Ndakhala ndikulemba n'kufufuta kuyambira 10 koloko. Pali chimene ndachita lero chimene sindingauze munthu wa pamudzi pano. Kunali maliro a azakhali anga ku Lifidzi. Yamikani sindingapite naye pamaliro, akamva anthu ambiri akulira amayamba kumenyetsa mutu pansi. Mlongo wake Tiyamike anali ndi mayeso kusukulu. Ndinayenda nyumba zitatu kupempha wondigwirira, aliyense anali ndi chifukwa chake. Ndiye ndinamusiyira phala m'bakuli ndi zitsekerero zake za mabotolo zija, ndinabisa mpeni ndi machesi, n'kumukhomera m'nyumba. Ndinachoka 7 koloko, ndabwera 2 koloko masana. Ndamupeza atagona kuseri kwa chitseko, atadzikodzera, zala zitatupa ndi kumenya chitseko. Sanandiyang'ane n'komwe, wangogwira chitenje changa, mpaka pano sanachisiye.
Koma chimene chikundilanda tulo ndi china. Mu chapa popita ndinagona tulo tokoma, ndipo ndinamva bwino kukhala ndekha. Pamaliro anthu ankaona ngati misozi yonse ija ndi ya azakhali. Kodi ndine mayi wotani ine?

Nangozo, Domwe:
Ndili maso mwana wanga, wangayunso sanagone. Ndiwe mayi wotopa, dzina lina palibe. Wanga ali ndi zaka 17 tsopano, ndipo ndikati sindinam'mangepo nsalu kumwendo n'kuimangirira kumtengo wa pichesi kuti ndikazule nyemba mvula isanaziwononge, ndikhala ndikunama. Ndinachita kawiri. Ndiye ine woweruza si ine. Koma usadzabwerezenso, wamva? Paja Yamikani uja amagwa khunyu?

Make Yamikani:
Anagwa kawiri chaka chatha. Panopa akumwa mankhwala.

Nangozo:
Ndiye taganiza akanagwa lero chitseko chili chokhoma. Kapena moto ukanabuka kwa aneba. Sindikufuna kukuwonjezera chisoni ayi, ndikufuna gulu lonse lino tipeze njira ina, chifukwa maliro ena abweranso, sapangana ndi munthu.

Nabanda, Furancungo:
Ine zandikhudza, koma mundikhululukire ndinene. Mwana wotere Mulungu amapereka kwa mayi amene akudziwa kuti akwanitsa. Akuluakulu anati njovu siilemedwa ndi minyanga yake. Kumaliroko mukanangotumiza chipepeso, anthu akanamvetsa. Tizipempha mphamvu kwa Ambuye, tisamafune kutula mtanda wathu.

Make Yamikani:
Azakhali amenewo ndi amene anandilera mayi anga atamwalira, Nabanda.

Mana Esperança, Moatize:
Mana Nabanda, mwambi umenewo ndaumva mpaka wandikwana. Aliyense wondiuza zimenezo amanena ataima pakhomo, akatha amapita kwawo kukagona. Pitani ku Mágoè mukaone njovu zenizenizo. Yaikazi siilera yokha, imayenda ndi amake ndi abale ake, kamwana kakatitimira m'matope zonse zimathamangira. Komanso minyanga siidzuka 2 koloko usiku n'kutsegula chitseko.

Nangozo:
Kkkk Esperança iwe. Amene mungathe gonani, tikambirana kukacha.

Lachinayi

Felizarda, Chingodzi ku Tete:
Ndawerenga zonse m'mawa uno ndili pamzere wa madzi. Inu a ku Angónia mwina kuzizira kumakuthandizaniko. Kuno Okutobala akafika kutentha kumapitirira madigiri 40, malata amasanduka chiwaya, wanga sagona mpaka 1 koloko, ikamati 4 koloko wadzuka. Ndikatsegula chitseko kuti kamphepo kalowe amatuluka, ndipo njira yake ndi imodzi, yolowera ku mtsinje wa Revúbuè. Madzi amawakonda kuposa nsima, koma kusambira sadziwa, ndiponso ukamuitana dzina satembenuka. Ndiye ndimagona chopingasa pakhomo ngati mlonda. Zaka zinayi tsopano sindinagonepo maola asanu otsatizana. Tsiku lina kuntchito ndinathira mchere mu tiyi wa abwana, iwo anangoseka, koma ine ndinakalirira kuchimbudzi ngati mwana. Kupemphera ndimapemphera, kungoti tulo timandipeza ndisanafike pa ameni.

Aphunzitsi Naphiri, Ulongwe:
Chimene wanena Felizarda chisatidutse. Ana ambiri a autismo amavutika kugona, ndipo ambiri amakonda kuzemba n'kulunjika kumadzi, n'chifukwa chake ngozi yomira ndi yaikulu kwa iwo kusiyana ndi ana ena. Ndiye ulonda wathu ndi wa usana ndi usiku. Namwino kuchipatala amagwira turno yake n'kusinthana ndi mnzake, mlonda wa pasitolo ali ndi folga, ndipo palibe amene amawatcha aulesi. M'mayiko ena boma limalipira munthu kapena nyumba yoti isunge mwana maola angapo, mwina Loweruka ndi Lamlungu, kuti kholo lipume. Ku Portugal amati descanso do cuidador. Amakuwerengera kupumako ngati mbali ya chithandizo cha mwanayo, chifukwa wosamalira akadwala, wosamalidwa alibenso pogwira.

Mana Esperança:
Kuno chimene timachiona ndi pa 2 Epulo basi, tsiku la autismo limene United Nations inakhazikitsa mu 2007. Chaka chatha tinaitanidwa kukaguba titavala zabuluu, kujambulidwa, kulandira kamisola, ine ndikuthamangitsana ndi Lúcia padzuwa chifukwa cha phokoso la zimkuzamawu. Ndinafika kunyumba nditatopa kuposa masiku onse. Ndikanakonda ondiitanawo akanaguba okha, mmodzi n'kubwera kudzandigwirira mwana, ine n'kugona.

Agogo a Mphatso, Zóbuè:
Ana anga, kale mwana sanali wa munthu mmodzi. Kwathu kwa Achewa mkazi amakhala pamudzi pa amake, agogo ali apo, amayi aang'ono ali apo, atsibweni akuyang'anira mbumba, mwana amadya mphika uliwonse. Inu mwathawira m'mavila, mukuchita lendi pakati pa alendo, ndiye mukudabwa chiyani? Bwererani kumudzi.

Make Yamikani:
Agogo, ine ndili pamudzi pathu penipeni, nyumba ya atsibweni ndimaiona ndili pakhonde. Chiyambireni kugulitsa mbatata ya kachewere pamsika n'kufolera nyumba ndi malata, mawu anatuluka oti mwanayu ndinamukhwimira, nzeru zake ndinaziika m'bizinesi. Ana a achemwali anga amaletsedwa kudya naye mbale imodzi, akuti matenda akugwa amapatsirana kudzera m'malovu. Bambo ake asanapite ku Joni ananena pamaso pa anthu kuti kumtundu kwawo kulibe chitsiru, ndiye ndi magazi anga. Ankhoswe anangoti zii.

Aphunzitsi Naphiri:
Matenda akugwa sapatsirana, ngakhale malovu ake akukhudzeni. Autismo nayo si yopatsirana, si kulodzedwa, si tsempho, ndiponso siibwera ndi katemera. Mbali yaikulu ndi ya chibadwa, ndipo chibadwa mwana amatenga kwa bambo ndi mayi omwe, ndiye wothawira ku Joniyo asadziyeretse. Koma kuloza mayi chala sikunayambe ndi ife. Dokotala Leo Kanner atalongosola za ana amenewa ku America mu 1943, kwa zaka zambiri akatswiri okhaokha ankaphunzitsa kuti gwero lake ndi mayi wouma mtima, wosafungatira mwana. Amayi ambirimbiri anakalamba ndi mlandu umene sanapalamule, kenako zinadziwika kuti zinali zabodza. Kwa azungu ankati mayi wozizira ngati geleira, kwathu kuno akuti mayi wokhwima. Bungwe la zaumoyo la WHO linanenapo kuti mwa ana 100 aliwonse, pafupifupi mmodzi ali ndi autismo. Tawerengani ana a mu Angónia mokha muno. Pagulu pano ndife ochepa chonchi, enawo ali kuti? Ine ndikuganiza kuti ambiri ali kuseri kwa zitseko, monga anachitira Yamikani dzulo.

Agogo a Mphatso:
Ndamva, mwana wanga. Inenso ndisanamizire kuti mbumba ikugwira ntchito. Mdzukuluyu amake anandisiyira n'kupita ku Blantyre, akuti abwera mwezi wamawa, chaka chachitatu chino. Ndili ndi zaka 64, akathamanga sindimupeza.

Make Chikondi, Ulongwe:
Ine ndili ndi ganizo, mukafuna kuliseka lisekeni. Tonse tili m'ma xitique. Mwezi uno ndalama zipita kwa uyu, wamawa kwa uyo, ndipo palibe amene amachita manyazi polandira chifukwa nayenso amasonkha. Bwanji tichite xitique ya maola? Ife a ku Ulongwe pagulu pano tilipo atatu, ine, Make Yamikani ndi aphunzitsi. Loweruka lililonse mmodzi azimasuka maola atatu, enafe tigwire ana. Ndi dima lomwe lija, kungoti khasu palibe. Ine kupempha aneba kunanditopetsa. Umachita kuyamba ndi nkhani ya mvula, kenako ya mtengo wa fetereza, pofika pa pempho lako mwini wake wakumbukira kale kuti ali ndi ulendo.

Felizarda:
Ganizo ndi labwino koma masamu ake akundivuta. Mmodzi yemweyu akundigonjetsa, ndiye mundiwonjezere wachiwiri? Wanga akamva mnzake akukuwa nayenso amayamba, nyumba imasanduka chigayo.

Make Chikondi:
N'chifukwa chake ndati atatu. Amayi awiri atsala ndi ana atatu, wachitatu wapita. Wina akathamangira mwana wozemba, wina ali ndi otsalawo. Mayi mmodzi asamatsale yekha ndi ana a eni.

Mana Esperança:
Ndikuuzeni zimene ndinaphunzira nditaluza ndalama zanga. Chaka chimodzi ndinalemba atsikana antchito atatu. Woyamba anatha masiku anayi. Wachiwiri ndinamupeza akumutsina mwana chifukwa chokana kudya. Wachitatu anali wa mtima wabwino koma anathawa atalumidwa. Poyamba ndinkati atsikana a masiku ano ndi aulesi, kenako ndinaona kuti mbali yaikulu wolakwa ndinali ine. Ndinkangomupatsa makiyi n'kuthamangira basi ya kuntchito, osamuuza kuti Lúcia akayamba kung'ung'udza atagwira makutu ndiye kuti kwatsala mphindi ziwiri, zimitsa wailesi, usamugwire, usamufunse mafunso, mupatse chitenje chake chobiriwira adzifunditse kumutu. Ine zimenezi ndimazidziwa ngati dzina langa, ndinkaiwala kuti mlendo sazidziwa.
Amene ndili naye panopa ndi mayi wachikulire wa kumpingo kwathu, tatha naye zaka ziwiri. Sabata yoyamba ankangobwera kudzamwa tiyi ine ndilipo, Lúcia osamulabadira n'komwe. Yachiwiri ndinkatuluka mphindi 15 kukagula makala. Kenako ola lathunthu. Ndiye inu a ku Ulongwe musayambe ndi maola atatu tsiku loyamba lomwelo, mudzadana.
Chinanso, musamazembe! Ine ndinkazemba akayang'ana kumbali, ndiye anaphunzira kuti akangotembenuka mayi amasowa, anayamba kunditsata mpaka kuchimbudzi. Tsanzikani, mawu omwewo nthawi zonse. Muuzeni kuti mubwera akatha kudya nsima, ndipo mubweredi nthawi imeneyo ngakhale mzere wa kubanki usanathe.

Aphunzitsi Naphiri:
Zimene wanena mana Esperança tiziike papepala. Mayi aliyense alembe tsamba limodzi la m'kope: chimene mwana amadya ndi chimene sakhudza, kapu yake, phokoso limene amaopa, mmene amasonyezera kuti akufuna madzi kapena kuchimbudzi, chimene chimamukhazika mtima pansi, nthawi ya mankhwala. Amene kulemba kumawavuta atumize áudio, ndilemba ine. Za khunyu tonse tidziwe chimodzimodzi. Akagwa, chotsani zinthu zoti zingamupweteke, ikani nsalu pansi pa mutu, mugonekeni chammbali kuti malovu atuluke. Osamuika supuni kapena chala m'kamwa, osamumwetsa madzi, osamupanikiza pansi. Yang'anani nthawi pafoni. Zikapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, thamangani naye kuchipatala.

Mana Esperança:
Pali china chimene timaopa kuchitchula. Lúcia ali ndi zaka 11, thupi layamba kusintha, ndipo munthu atamuchita chipongwe sangandiuze. Anthu oipa amadziwa zimenezi bwino lomwe. Ndiye pa xitique panupo gwirizanani poyera kuti ana akhala nyumba ya ndani, pakhomopo pamafika amuna ati, amene amuperekeze kuchimbudzi kapena kumusambitsa ndi ndani. Wina asakhumudwe kuti mukukayikira mlongo wake kapena chibwenzi chake. Ndipo si atsikana okha, ana aamuna omwe. Mukaona chokayikitsa, 116 ya Linha Fala Criança ndi yaulere, komanso kupolisi kuli gabinete yoona za mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza.

Nangozo:
Ndipo Tiyamike musamuwerengere ngati mayi wachinayi pa xitique imeneyi. Ndikunena chifukwa ndinalakwitsa ine. Mwana wanga wamkulu anasiyira sukulu 6ª classe chifukwa cha mlongo wakeyu. Sindinamuuzepo kuti siya, kungoti lero jomba ndipite kudimba, mawa jomba ndipite kuchigayo, mpaka anachita manyazi kubwerera. Anakwatiwa msanga kuti angochoka pakhomo, anandiuza yekha chaka chatha tikusenda nyemba. Mtsikana wa zaka 13 angathandize kutunga madzi ndi kusewera ndi mlongo wake, koma asasenze katundu amene anatula bambo ake.

Make Yamikani:
Mawu amenewo andilasa, amayi. Trimestre yathayi wajomba masiku 9, ndinawerenga.

Lachisanu madzulo

Make Dalitso, Tsangano:
Pepani, kuno netiweki timaipezera pachulu, ndiye ndawerenga zonse kamodzi. Inu muli atatu, ine kuno ndili ndekha, mayi wina wa mwana wotere sindikumudziwa. Kodi kulibe malo a boma koti ndingakamusiye ngakhale mwezi umodzi? Ndinamva za sukulu ina ku Tete. Ndinene zoona, masiku ena ndikamatunga madzi pachitsime ndimayang'ana pansi nthawi yaitali. Ndimaganiza kuti ine ndi Dalitso titangogona osadzukanso, aliyense apuma.

Nangozo:
Make Dalitso, ndikuimbira pompano. Usatsike pachulupo.

Aphunzitsi Naphiri:
Mwachita bwino kunena, mayi. Maganizo amenewo si uchimo, amabwera munthu akalemedwa nthawi yaitali osagona, osathandizidwa, ndipo chithandizo chake chilipo. Koma si oti mukhale nawo nokha ngakhale usiku umodzi. Lero lomwe uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira adzagone kwanu, mankhwala a mbewu ndi a makoswe mukasungitse kwina. Mawa pitani ku centro de saúde mukanene mawu omwewa mwatiuza ifewa, mupemphe kuonana ndi técnico de psiquiatria, woona za matenda a maganizo. Boma linawaphunzitsa anthu amenewa kuti azipezeka m'ma distrito, osati ku Maputo ndi ku Beira kokha. Ambirife timapita ndi ana athu kwa iwowa kukatenga mankhwala, akatifunsa za ife eni timangoti tili bwino.
Sukulu mwamvayo ndi CREI, Centro de Recursos de Educação Inclusiva. M'dziko muno alipo atatu, ku Gaza, ku Nampula ndi kuno ku Tete. Ndi malo a maphunziro, ndipo mungathe kufunsa za malo kudzera ku ofesi ya maphunziro ya distrito, koma limenelo si yankho la sabata ino. La sabata ino ndi munthu wa pafupi, woti angafike pakhomo panu wapansi.

Nabanda:
Ndakhala chete kuyambira Lachitatu chifukwa ndinachita manyazi. Make Yamikani, mundikhululukire. Ndinayankhula ngati munthu wopanda mwana wotere, chonsecho inenso ndimalirira kubafa. Mawu aja ndi amene ndimauzidwa ine, ndiye ndinangokupatsirani.
Koma ndakhala ndikuganiza chinthu. Ife a chigwirizano munthu akamwalira timagona pasiwa masiku awiri. Nkhuni, ufa, ndiwo, zonse zimapezeka, palibe amene amati ndatanganidwa. Wogonekedwa kuchipatala timamuyendera ndi phala. Nanga mayi wamoyo amene akutha pang'onopang'ono tikumudikira chiyani, kuti tidzamuimbire nyimbo? Ndikanena pamsonkhano wathu, andiseke andiseke. Make Dalitso, kwanuko mpingo ulipo, kaya ndi chigwirizano kaya ndi mphakati. Musakangoti mundithandize, anthu amangoyankha kuti tikupemphererani. Kapempheni chinthu chooneka: amayi awiri, Lachiwiri, kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko, pakhomo panu pomwepo pamene Dalitso anazolowera, inu mukagone m'nyumba ya aneba.

Felizarda:
Ndiwonjezereko za ndalama, chifukwa kupuma kwina kumagulidwa. Amuna othawawa tisamangowasiya. Lei da Família ya 2019 imati kholo lili ndi udindo pa chakudya, zovala, mankhwala ndi maphunziro a mwana wake, kaya munakwatirana ku registo kaya ayi. Amati pensão de alimentos. Ine ndinapita ku IPAJ, amene amathandiza anthu opanda ndalama ya loya, nditatenga cédula ya mwana ndi mapepala a kuchipatala. Bambo ake amagwira ntchito kumigodi ya malasha, ndiye khoti linalamula kuti azidula kumalipiro. Si zambiri, koma ndi zimene ndimalipira mayi wondigwirira Lamlungu masana. Amene mwamuna ali ku Joni ndi zovuta, ndisakunamizeni. Komanso funsani permanente wa INAS, ofesi ya boma yothandiza ovutika, kwanuko za ndalama za subsídio social básico, anthu olumala ali m'gulu la oganiziridwa. Pepala la kuchipatala muzikhala nalo, ndipo mulijambule pafoni, ana athuwa mapepala amang'amba.

Nangozo:
Ndayankhula naye Make Dalitso. Mng'ono wake agona naye lero, mawa apita limodzi kuchipatala. Ndimuimbiranso m'mawa. Inu a ku Tsangano ndi ku Biri Biri amene mumangowerenga osalemba, tulukani, tikukufunani.

Make Chikondi:
Ife tiyamba mawa. Kwathu, chifukwa kuli mpanda ndipo chitsime chili ndi chivundikiro. Mawa tingomwa tiyi tonse atatu ana azolowere pakhomo, sabata inayo mphindi 30, tizikwera choncho. Woyamba kumasuka maola atatu ndi Make Yamikani.

Make Yamikani:
Zikomo amayi. Ndikadzawapeza maola amenewo ndidzachapa mabulangete onse, kenako ndithamange ndikaode mbatata.

Nangozo:
Ayi! Maola a xitique si ochapira. Ukachapa ndibwera ndi chikwapu kuchokera kuno ku Domwe. Kagone, kalukitse tsitsi, kakhale pamsika udye chipisi ndi Frozy wekha osagawira munthu.

Felizarda:
Apa pokha ndikutsutsani, amayi. Mayi amene alibe ufa m'nyumba sagona ngakhale mutamupatsa bedi la kuhotela. Ngati kukaoda katundu n'kumene kungamuchotsere nkhawa, musiyeni akaode. Tatopa kale ndi anthu otiuza chochita ndi ana athu, tisayambenso kuuzana chochita ndi maola athu.

Nangozo:
Chabwino, wapambana. Koma mabulangete okha ayi.

Loweruka madzulo, patapita masabata atatu

Make Chikondi:
Lipoti la lero. Amake atatsanzika, Yamikani analira mphindi 25 ataima pageti. Aphunzitsi anafuna kumunyamula, ndinawakumbutsa pepala analemba okha lija, tinangomuikira zitsekerero zake pamphasa n'kukhala chapatali. Kenako anabwera yekha, anazindandalika kuchokera pakhonde mpaka pamtondo. Chikondi anamusokonezera mzere kamodzi, inali nkhondo, ndalumidwa padzanja koma magazi sanatuluke. Wa aphunzitsi anatha nthawi yonseyo akundilongosolera mitundu ya magalimoto a fodya. Nsima Yamikani wakana chifukwa mbale yake yabuluu inaiwalika, wadya nthochi ziwiri basi.

Make Yamikani:
Ndinatuluka pageti ndikumumva akulira, miyendo inkafuna kubwerera yokha. Ndinafika pamsika, ndinazungulira kawiri, sindinadziwe choti ndichite ndi dzanja lamanja limene limakhala litamugwira. Frozy ndinagula, amayi Nangozo, ndinamwa ndekha. Kokaoda sindinafikeko. Ndinabwerera kunyumba, ndinati ndingotsamira pang'ono pamphasa, wondidzutsa inali alamu imene Tiyamike ananditchera pafoni. Ndinathamanga ngati wakuba, ndafika kutatsala mphindi 5. Anandiyang'ana kamodzi, n'kundigwira chala kundikokera kukaona mzere wake.

Make Dalitso:
Ine técnico ndinaonana naye, wati ndibwererenso kumapeto a mwezi. Amayi awiri a mphakati abwera kawiri, ulendo woyamba sindinagone, ndinkangomvetsera kudzera pakhoma. Lachiwiri lapitali sanabwere, akuti kunali maliro.

Nangozo:
Uwakumbutse Lolemba, usadikire kuti akumbukira okha. Ndipo ndikuimbira mawa tikatuluka m'tchalitchi, ukakwere pachulu.

Felizarda:
Kuno ku Chingodzi ndapeza mayi mmodzi, tinakumana pamzere wa kuchipatala. Tikusowa wachitatu. A ku Matundo kapena ku Moatize amene chapa siikuvutani, ndilembereni kumbali.

Aphunzitsi Naphiri:
Loweruka likubwerali ndi langa, ndipo ndikuneneratu, makope a ana asukulu sinditenga, foni ndizimitsa.

Make Chikondi:
Foni musazimitse aphunzitsi, tikakufunani tidzakupezani bwanji? Make Yamikani, mbale ija.

Make Yamikani:
Ndaiika kale m'jumbo, ili pamsomali pafupi ndi chitseko.